Chitenje cha Mboni Yobisika

M'mudzi wina waukulu ndithu, umene uli pakati pa phiri lopanda mitengo ndi mtsinje wopanda madzi, ndipo dzina lake silikufunika pano popeza eni ake akadali moyo, munali ofesi ya woimira boma pa milandu.

Kale, ofesiyo isanatukuke, umboni unali ntchito yopepuka. Munthu ankatereka nyemba pamoto, n'kupita kukhothi, n'kunena zimene maso ake anaona, n'kubwerera nyembazo zisanapse. Koma akuluakulu a kulikulu atafufuza anapeza kuti mboni zoterozo zinkabwerera kwawo zosatonthozedwa, zina osalawa n'tiyi yemwe. Chinali chinthu chochititsa manyazi. Choncho anakhazikitsa Nthambi Yosamalira Mboni ndi Olakwiridwa, naika pampando Bambo Mphangwe, amene udindo wawo, monga unalembedwera pachitseko, unali wakuti Mkulu Wamkulu Woona za Bata la Mumtima la Mboni, Olakwiridwa ndi Ena Onse Ogwidwa Nthumanzi. Wolemba zikwangwani chitseko chinamuchepera, moti mawu omalizawo anakathera pakhoma.

Nthambiyo inali ndi zonse. Inali ndi sofa yoti munthu ukakhalapo mawondo amafika kuchibwano, ketulo, wailesi, ndi mipukutu ya nsalu yachikasu yosanjikizana mpaka kudenga, pakuti m'dzikolo ntchito imene ilibe chitenje chake ndiye kuti sinayambe. Chimene nthambiyo inalibe ndi mboni. Anthu ankaberana ndi kumenyana monga anthu ena onse, koma zambiri ankazithera okhaokha, ndipo a Mphangwe ankangokhala pawindo kuyang'ana msewu ngati mlimi wodikira mvula. Ngakhale mwambo wotsegulira nthambiyo unali usanachitike, chifukwa akuluakulu ananenetsa kuti sangayende mtunda wonsewo kudzaona sofa yopanda munthu.

M'mudzi momwemo munali telala wina, mayi wamasiye dzina lake Nangozo, amene ankasokera pakhonde la nyumba yake pafupi ndi msika. Makina ake anali opukusa ndi dzanja, akuda, a timaluwa tagolide tofufutika, amene malemu bambo ake anabwera nawo kuchokera ku migodi. Makina a masiku amenewo, osati a lerowa ongomva chinyezi n'kuyamba kutsokomola. Nangozo analibe munda wodalirika. Makinawo ndiwo anali munda wake, khasu lake ndiponso nkhokwe yake.

Tsiku lina la maliro, mudzi wonse uli kumanda, Nangozo mutu unamupweteka ndipo anabwerera msanga. Panjira, dzuwa lili paliwombo, anakumana ndi mnansi wake Gwedeza akukankha njinga, pakaliyala atamangirira thumba. Thumbalo linali lobooka, ndipo chopukusira cha makina chinali chitasuzumira kunja ngati chikupempha thandizo.

"Kodi achimwene, mwanyamula chiyani?" anafunsa Nangozo.

"Chinangwa, mlongo."

"Chinangwa chokhala ndi chopukusira?"

Gwedeza anadumphira panjinga n'kupalasa ngati wamva kuti kwawo kwapsa.

Apolisi anakawapeza makinawo kunsi kwa bedi la Gwedeza, ndipo anawatsekera m'chipinda cha katundu wa umboni, kuseri kwa ofesi ya woimira boma. Gwedeza anatuluka pa belo. Nangozo anatsala ndi mulu wa nsalu za yunifolomu zimene makolo anabweretsa, sukulu zili pafupi kutsegulira, iye alibe chosokera.

Woimira boma anali Mayi Kachiwanda, munthu wa mawu ochepa ndi maso otopa.

"Mlandu uwu ndi wosavuta, mayi," anatero. "Mudzaima m'khothi, mudzanena zimene munaona, woweruza adzagamula, makina anu mudzanyamula."

"Ndikhoza kunena pompano, bwana."

"Ndikudziwa. Koma lamulo latsopano likuti mudutse kaye khomo ilo." Analoza chitseko cha mawu osefukira chija, n'kuusa moyo.

A Mphangwe atamva kugogoda anaganiza kuti ndi mbuzi zija zimakonda kudzikanda pachitseko. Atatsegula n'kuona munthu weniweni, wolakwiridwa komanso mboni m'thupi limodzi, anatsala pang'ono kugwada.

"Lowani, mayi, lowani! Musafulumire, mungapunthwe mumtima. Khalani apa."

Nangozo anakhala pasofa, sofayo n'kumumeza.

"Tsopano lirani," anatero a Mphangwe, akumupatsa kansalu kopukutira misozi.

"Ndilirenji, bwana? Maliro aja tinaika kale."

"Lirani za makina."

"Makina sanafe. Ali kuseri kwa khomali. Ndingofuna ndikanene kwa woweruza kuti Gwedeza ndinamuona, basi."

A Mphangwe anapukusa mutu mwachisoni. Ku maphunziro amene anakachita kunyanja anawauza kuti wolakwiridwa wolira ndi wovulala, koma wosalira ndi wovulala kwambiri. Anatereka ketulo.

"Dzina limenelo musalitchulenso, limatukusira bala. Ndipo lanunso tilichotsa. Mboni yodziwika ndi mboni imene ili pangozi. Kuyambira lero ndinu Mayi Uje."

"Pangozi ya ndani? Gwedeza ndinamusokera kabudula wake woyamba. Akandiona amadutsa kuseri kwa khola."

"Ameneyo ndiye woopsa, mayi. Munthu wodutsa kuseri kwa khola."

Kenaka anang'amba chitenje pampukutu n'kumuveka ndi manja awoawo. Chinali chachikasu chowala, choti munthu ali kutsidya kwa dambo akhoza kuphimba maso. Kutsogolo ndi kumbuyo kunali malemba akuluakulu ofiira: MBONI YOBISIKA. SIMUKUNDIDZIWA. Anamulamula kuti azichivala tsiku lililonse, ndiponso kuti m'mawa uliwonse azibwera ku nthambi kudzatonthozedwa mpaka ofesi itseke.

Mudzi unalandira nkhaniyi mwaulemu waukulu. Amayi a kumjigo ankati akamuona, "Mwadzuka bwanji a Nangozo? Aa, pepani, a Uje. Sitikukudziwani, koma ana adzuka bwanji?" Wogulitsa tomato ankamuwonjezera basela ponena kuti alendo amafunika kuwalandira bwino. Ndi Gwedeza yemwe, pokumana naye pamsika, anavula chipewa n'kufunsa ngati mayiyu ndi wochokera kutali.

Nangozo anapirira. Ankati mumtima: tiyi sapha munthu, bola makina abwere.

Tsono popeza mboni inali itapezeka, a Mphangwe anatumiza uthenga kulikulu kuti mwambo wotsegulira nthambi ukhoza kuchitika. Koma panabuka vuto. Mwambo wotere sungachitike ogwira ntchito asanavale malaya a nsalu ya nthambi, ndipo m'mudzi monsemo makina osokera anali amodzi okha, omwe aja otsekeredwa m'chipinda cha katundu wa umboni. Komiti inakhala pansi. Inagwirizana kuti makinawo akhoza kugwira ntchito bola asatuluke m'chipindamo, chifukwa katundu wa umboni saloledwa kutuluka, koma palibe pamene panalembedwa kuti saloledwa kusoka.

Nangozo atamva anadzuka pasofa, ngakhale kuti kudzukako kunatenga nthawi.

"Ndipatseni nsaluzo, bwana. Ndisoka mwaulere. Ndingowagwirako makina anga."

"Ayi, ayi, ayi!" anatero a Mphangwe, manja ali m'mwamba. "Wolakwiridwa kukhudza chinthu chimene chinamuvulaza? Mukufuna andichotse ntchito? Mungakomoke, mayi."

"Nanga asoka ndani? Telala m'mudzi muno ndine ndekha."

Komiti inali italiganizira kale funso limenelo. Panali munthu mmodzi yekha wina amene anakhalapo ndi makinawo m'nyumba mwake, ndipo mwachidziwikire anali atawazolowera.

Motero m'mawa mwake Gwedeza anafika atapachika tepi m'khosi, mlonda n'kumutsegulira chipinda cha katundu wa umboni, n'kumuikira mpando.

Pakati pa chipindacho ndi sofa ya Nangozo panali khoma la njerwa imodzi. Anamva zonse. Anamva Gwedeza akupukusa makina ngati akupukusa mjigo wouma. Anamva ulusi ukuduka, singano ikuthyoka, makina akulira kulira kwa chinthu chimene sichinalawe mafuta chitulukire m'nyumba. Makina amene bambo ake ankawapukuta ndi mpango wa m'thumba! Pamenepo misozi inatsika yokha.

A Mphangwe anaomba m'manja. "Zayamba! Mayi Uje alira! Ntchito yathu yayamba kubala zipatso."

Nangozo anamenya khoma ndi chikhatho. "Iwe Gwedeza! Thira mafuta pachopukusirapo! Ndipo usakoke nsalu, imayenda yokha!"

"Ndani akuyankhula?" anayankha Gwedeza kuseriko. "Ine mawu amenewo sindikuwadziwa."

A Mphangwe anakweza wailesi kuti mboni isasokonezeke.

Tsiku la mwambo linafika, ndipo mudzi wonse unasonkhana pabwalo la ofesi. Ogwira ntchito anafola atavala malaya achikasu. A mlonda mkono umodzi unafika m'zala, wina unathera pachigongono. Mesenjala wa khothi thumba lake linali kumsana. A Mphangwe kolala inawakwera mpaka m'makutu moti potembenuka ankatembenuka thupi lonse. Mlendo wolemekezeka wochokera kulikulu, amene udindo wake unatenga mpweya wa wolengeza kawiri, anayamikira malayawo kuti ndi luso la kumudzi losaipitsidwa ndi sukulu, ndipo Gwedeza anaitanidwa kukhala pamzere wa kutsogolo monga mmisiri wa m'deralo.

Nangozo anamukhazika pansanja, kuseri kwa mkeka woimika, kuti anthu aone kuti sakuoneka. Mkekawo unali waufupi, ndipo mapazi ake ndi m'mphepete mwa chitenje zinali pambalambanda.

"Kuseri kwa mkeka uwu," anatero mlendo wolemekezeka, dzanja lili pamtima, "kuli mayi amene palibe aliyense pano akumudziwa."

"Nangozo!" anafuula mayi wina kuchokera m'khamulo. "Yunifolomu ya mwana wanga ija bwanji? Sukulu akutsegulira Lolemba!"

"Funsani a kutsogolowo!" unayankha mkeka.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mlendo wolemekezeka anati kuseka kwa anthu ndi chizindikiro chakuti uthenga wafika.

Sukulu zinatsegulira. Makolo anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, ena mwamanyazi, ena mokalipa. Nangozo tsiku lililonse ankafunsa funso limodzi.

"Bwana, mlandu ukulowa liti?"

"Chimenecho ndi chinsinsi, mayi. Mboni ikadziwa tsiku siigona tulo, chakudya sichilowa. Ife tinaphunzira. Tsikulo lidzakupezani muli phee."

Linamupezadi ali phee. M'mawa wina a Mphangwe anamuthirira tiyi wa mkaka, anamupatsa ndi mabisiketi, anatseka mawindo, n'kutsegula wailesi mokweza kuposa masiku onse. Nangozo anadabwa ndi mkakawo koma sanafunse. Kutsidya kwa bwalo, m'khothi, Gwedeza anali ataima m'bokosi, Mayi Kachiwanda atatsegula fayilo, woweruza atavala magalasi.

"Itanani mboni," anatero woweruza.

Mesenjala, yemwe uja wa thumba la kumsana, anatuluka pakhonde n'kuitana Nangozo. Anadutsa bwalo n'kukagogoda ku nthambi. A Mphangwe anatsegula pang'ono, n'kutulutsa mphuno yokha.

"Bwana, khothi likufuna a Nangozo."

"Muno mulibe munthu wa dzina limenelo."

"Aa, bwana, si awo ndikuwaona mapazi pasofapo?"

"Mnyamata iwe, unavala malaya a nthambi koma mfundo zake sunazimve. Ofesi ino siivomera kapena kukana kwa munthu aliyense kuti mboni ili muno. Ukudziwa bwanji kuti sunatumidwe ndi adani?"

"Wandituma ndi woweruza, bwana."

"Ndiye ukamuuze kuti ngakhale iye sitimuuza. Chitetezo chilibe tsankho."

Chitseko chinatsekedwa. Mesenjala anakanena zimene anauzidwa. Mayi Kachiwanda anapempha kuti apite okha kukaitenga mboniyo, koma anakapeza chitseko chokhoma, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Anagogoda mpaka zala kuwawa. Woweruza, amene anali ndi milandu ina yomudikira, anavula magalasi n'kugamula kuti popeza wodandaula sanabwere ndipo palibe mboni, mlandu watha. Ndipo katundu wa umboni, monga mwa mwambo wa khothi, abwezedwe kwa munthu amene apolisi anamulanda.

Apolisi makinawo anawatenga kunsi kwa bedi la Gwedeza.

Madzulo ake a Mphangwe anazimitsa wailesi, nkhope ikuwala ngati yodzola mafuta.

"Mayi Uje, ndikuyamikeni. Mlandu wanu watha."

Nangozo anatula kapu. "Watha? Ndanena liti?"

"Ndiye ubwino wake umenewo! Mwadutsa mlandu wonse osaima m'bokosi, osafunsidwa mafunso, osatuluka thukuta. M'dziko lonse lino palibe mboni inasamalidwapo chonchi. Kulikulu amva, akondwa."

"Nanga makina anga?"

A Mphangwe anakonza kolala. Anafotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu ofewa amene anaphunzira kunyanja kuja. Nangozo anamvetsera osaphethira. Kudzera pawindo anaona Gwedeza akumangirira makina pakaliyala, ulendo uno popanda thumba, mlonda akumugwirira njinga.

"Musataye mtima," anapitiriza a Mphangwe. "Popeza tsopano mwalakwiridwa kachiwiri, malamulo akuti muyenera chitenje chachiwiri." Anang'amba china pampukutu n'kumupatsa ndi manja awiri. "Ichi mukhoza kusoketsa bulauzi. Mupite kwa a Gwedeza, amasoka bwino."

Nangozo anachilandira, nachipinda bwinobwino. Anayang'ana sofa, ketulo ndi mipukutu yofika kudenga ija, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowere m'chipindamo anamwetulira.

"Bwana, ndifunse. Munthu aliyense woberedwa amadutsa khomo lino?"

"Aliyense, mayi. Lamulo silisankha."

"Ngakhale mwamuna?"

"Makamaka mwamuna. Amuna amabisa ululu."

"Zikomo, bwana. Mwandithandiza kwambiri."

A Mphangwe anagwira pamtima. Chiyambire ntchito, palibe anali atawauzapo mawu amenewo.

Tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, anthu ali pikitipikiti, Nangozo anafika pakhonde la Gwedeza. Gwedeza anali atakhoma kale chikwangwani chakuti TELALA WA BOMA, ndipo anali kulimbana ndi buluku la munthu wina limene analisoka miyendo yonse pamodzi.

"Odi, achimwene."

"Odini... a Uje."

"Tapumulani pang'ono, mwatopa."

Nangozo anachotsa buluku lija pamakina, nadula ulusi ndi mano, natseka chivundikiro. Kenaka anatenga chitenje chachiwiri chija, nachipota kukhala nkhata, naika pamutu.

"Amayi inu, tanditwikani."

Amayi awiri ogulitsa mandasi anapukuta manja n'kumutwika. Gwedeza anaimirira, kukamwa kuli yasa.

"Mlongo, mwanyamula chiyani?"

"Chinangwa, achimwene."

Ndipo ananyamuka, osathamanga, akupatsa anthu moni mbali zonse, makina ali pamutu ngati mtsuko wa madzi.

"Wakuba! Anthuni, mwaona? Khothi linandipatsa ine! Inu a tomato, mwaona?"

Wogulitsa tomato anayang'ana kumwamba. "Ine ndimaona mitambo, achimwene."

"Nanga inu a mandasi? Si inu mwamutwika?"

"Ife tatwika munthu amene sitikumudziwa," anayankha mmodzi. "Zinalembedwa pachitenje."

Msika wonse unali utaona zimene zimachitikira mboni m'mudzimo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi nthawi yokhala pasofa mpaka mbewu kuuma m'munda. Gwedeza anazungulira msika wonse osapeza diso limene linaona. Potsiriza anakwera njinga n'kuthamangira ku ofesi ya woimira boma, thukuta lili kamukamu.

Mayi Kachiwanda anamumvetsera mpaka kumapeto. Ena amati pakona ya mlomo wawo panagwedezeka pang'ono.

"Ndiye kuti woberedwa ndinu, mboni ndinu nomwe?"

"Ndine ndemwe, bwana! Ndinaona ndi maso angawa. Ndikhoza kunena pompano!"

"Ndikudziwa," anatero Mayi Kachiwanda. "Koma mudutse kaye khomo ilo."

A Mphangwe, amene chichokere Nangozo anali atabwerera pawindo, anatsegula chitseko Gwedeza asanagogode n'komwe.

"Lowani, bambo, lowani! Musafulumire. Khalani apa. Tsopano lirani."

Patapita masiku, Nangozo ali pakhonde lake, makina atamwa mafuta ndipo akuyenda ndi kamawu kawo kakale, makolo atabweretsanso nsalu zawo, yunifolomu zikutuluka imodzi pambuyo pa inzake, anaona anthu awiri akubwera. Kutsogolo kunali a Mphangwe ndi nsalu yachikasu m'khwapa. Kumbuyo kunali mwamuna atafunda chitenje kumutu, koma mapazi ake mudzi wonse unkawadziwa.

"Mayi," ananong'ona a Mphangwe, "tili ndi mboni yatsopano yobisika. Mwamuna sangamayende atamanga chitenje, ndiye tikufuna malaya. Nthambi yathu siilowerera za mwini makina, ife timangoona za mumtima. Mungatithandize?"

"Ndi mtima wonse, bwana." Nangozo anatenga tepi. "Imani bwino, bambo. Tambasulani manja. Dzina?"

Pansi pa chitenje panatuluka mawu ofooka. "Uje."

"Ndinaganiza. Nkhope yanu ndi yachilendo." Anamuyeza chifuwa, namukoka tepi pakhosi mothinitsa pang'ono. "Kodi bwana, mlandu wa bambowa ukulowa liti?"

A Mphangwe anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira kukhutu kwake.

"Chimenecho ndi chinsinsi, mayi. Ngakhale eni akewa sadzadziwa."

"Muwasamale bwino," anatero Nangozo, akulowetsa ulusi pasingano. "Tsiku limenelo musadzaiwale mkaka."